Kanema amene ndinaonetsa abambo

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Kaphuka. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife tilipo, koma abambo sakupeza tulo kuyambira pamene mng'ono wanu Yohane anatsekeredwa, ndipo mlandu wake auimitsanso.

Lamulungu masana ndinawatengera kwa a Banda, aja oonetsa makanema, kukaonera kanema kuti aiwaleko. Sindinadziwe kuti ndi wa m'khoti. Munali mnyamata amene anamunamizira kupha munthu, mboni zikunama bambo ake akumva. Abambo athu anangofinya chipewa. Pomaliza loya anaulula bodzalo, mnyamatayo n'kumasulidwa. Anthu anaomba m'manja, koma iwo ayi.

Panjira anati, "Uja anali ndi womulankhulira. Wangayu adzaima yekha."

Chiyambire tsikulo amangokhalira kudimba, kupalira mbatatesi zopalira kale. Akuti khasu likakhala m'manja, maganizo amachepa. Ine ndimapita kukwaya, ndimakalirira m'nyimbo momwemo.

Chonde muziwaimbira foni. Za mlandu musamatchule, muziwafunsa za mbewu, pamenepo amayankhako. Yohane akupempha bulangete, kundende kukuzizira kwambiri.

Mulungu akusungeni kumeneko, nafenso muzitipempherera.

Ndine mlongo wanu,
Esitere