Timaluwa ta m'thanki ya malemu

Lolemba, 3 Juni
Masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda amuna anga. Thanki yawo ya madzi amchere ikadali pabalaza, pampu ikung'ung'udza osapuma. Nsomba ziwiri, miyala, ndi korali wawo wobiriwira, chamoyo cha m'nyanja chokhala ngati kamtengo. Anabwera naye ali kachidutswa ngati chikhadabo, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ankamutcha Wamakani. Ine ndinkati mkazi mnzanga. Lero womusamala ndine. Dziko ili!

Lachinayi, 6 Juni
Pamwala pamera timaluwa titatu tabulawuni, timanja take tikugwedezeka m'madzi. Wamakani wabereka! Ndalira ngati mwana. Ndatidyetsa chakudya cha nsomba, kamodzikamodzi. Tikudya bwino.

Loweruka, 15 Juni
Timaluwa tija tafika khumi ndi tiwiri. Ndinapita ndi chithunzi kwa wogulitsa nsomba zoweta, mnzawo wa malemu, kukadzitama. Anagwira pakamwa. "Mayi, amenewa si ana ake, ndi adani. Amaluma korali mpaka kufa. Malemu ankabaya adaniwa ndi jakisoni Lamlungu lililonse."
Lamlungu lililonse! Ine kumayesa akungosewera ndi madzi pothawa kundiperekeza kwa mayi anga. Mmene ndinkawalalatira muja. Iwo kungoseka, mkono uli m'madzi mpaka m'phewa.
Sabata yathunthu ndakhala ndikunenepetsa mfiti.

Lamlungu, 16 Juni
Mkwiyo. Ndatenga mswachi, ndakwecha mwala wonse mpaka kuti mbee. Tione ngati tibwerenso.

Lachiwiri, 25 Juni
Zaipa. Timaluwa paliponse: pagalasi, pamchenga, ngakhale papaipi. Kanyenyeswa kalikonse kamene ndinakwecha kamera pakokha. Wogulitsa nsomba pafoni: "Sakwecha, mayi. Pamenepo mwafesa."
Nthambi ziwiri za Wamakani zayera ngati fupa. Ndi manja angawa.

Lachinayi, 27 Juni
Jakisoni uja ndamupeza m'dirowa, pansi pa magalasi awo a maso. Ndinakhala pansi kaye.
Ndamudzaza madzi a mandimu monga wandilangizira wogulitsa. Koma timaluwa n'tochenjera, singano ikangoyandikira talowa kale m'mabowo. Ndapha tisanu. Totsala sindinawerenge.
Alamu anabwera masana. "Gulitsani chimenechi, mlamu, chikukudyani." Sindinawaperekeze n'komwe pakhomo. Iwo ali ndi mkazi wawo wolankhula naye. Ine ndili ndi mwala.

Lachitatu, 10 Julayi
Pa Wamakani yense pangotsala kansonga kamodzi kobiriwira. Wogulitsa nsomba wabwera ndi pulayala ndi zidebe. Akuti m'madzi muno kansongako sikatha sabata, akakalerere kwake, m'thanki yopanda adani. Nsomba nazo watenga. Miyala tayanika panja, iume mpaka zonse zife.
Ndinagwira mwala, iye n'kudula. Anakaika m'kathumba ka madzi, n'kundipatsa kuti ndikagwireko pang'ono. Kachidutswa ngati chikhadabo. Monga anabwerera. Zaka zisanu ndi chimodzi za munthu ine ndazimaliza mwezi umodzi.
Anati, "Korali ameneyu sachedwa kuphuka, mayi. Muzibwera kudzamuona." Ndinangogwedeza mutu.
Potuluka wazimitsa pampu. Nyumba yangoti zii. Sindinkadziwa kuti masiku onsewa ndinkamvera kaphokoso kameneka.
Tinakuikani mu Epulo, bambo. Koma m'nyumba muno mwachoka lero.