Kadontho Pansi pa Nduwira ya Bapuji

Patiala, 9 Novembala

Okondedwa achemwali Ravneet,

Sat Sri Akal. Ndikhulupirira muli bwino kunjako ku Brampton pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti bondo lija lakupatsaniko mpata. Ife kuno tilipo, kungoti utsi wa mapesi a mpunga watsokomoletsa mzinda wonse.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndimakunamizani mosavuta.

Ndinakuuzani kuti opaleshoni ya bambo athu, a Bapuji, yayenda bwino, ndiye mudikire mudzabwere pa chikondwerero cha Vaisakhi mu Epulo. Linali bodza, ndipo si loyamba.

Chaka chatha phewa lawo litauma, ndine ndinkawapesa tsitsi ndi kuwamanga nduwira m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinaona kadontho kakuda paliwombo, kokhotakhota m'mbali. Achemwali, zaka zisanu ndi zinayi ndakhala m'labu ndikuyang'ana khansa ya pakhungu yomweyi pa timagalasi ta anthu osawadziwa. Ndinakazindikira pompo.

Koma kuti dokotala adulepo, ayenera kumeta, ndipo mukudziwa kuti, malinga ndi chipembedzo chathu, chibadwire lumo silinakhudzepo mutu umenewo. Ndinaopa kukhala mwana wouza bambo ake kuti ametedwe. Ndinazunguliza nsalu n'kuphimba. Ndinaphimba choncho miyezi khumi ndi umodzi, mpaka chotupa chinatuluka m'khosi.

Dokotala atanena zometa, Bapuji anangofunsa ngati palibe njira ina. Atamva kuti palibe anati, "Tsitsi ndi la Mulungu wathu Waheguru, mutunso ndi wake. Metani pamene mukufunapo." Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Manyazi amene ndinamva pamenepo sanandichokebe.

Mukukumbukira kafukufuku wanga, amene munkandiseka naye kuti ndimadyetsa anthu maselo m'malo mwa mkate wathu wa roti? Timathira utoto wofiira pa kachidutswa ka chotupa koikidwa pa kagalasi kuti tione mitokondiriya, tizigawo timene timapatsa selo mphamvu. Mwa odwala amene tawatsatira, kagalasi kakafiira kwambiri matenda amathamanga. Sitinatsimikize, ndipo ndikupemphera kuti tikhale olakwa. Ndinkalongosola zimenezi pa chakudya modzitama, ndikuganiza kuti Bapuji akungotafuna.

Kagalasi kawo ndinakayang'ana ndekha. Pa timagalasi mazana awiri timene ndawerenga, ofiira chotero sakwana khumi. Adokotala awo, poona kuti zafika kale m'khosi, akunena kuti atsala ndi miyezi chabe.

Lamlungu ndikuwamanga nduwira, mosamala kuti nsalu isakhule pachilonda, anandifunsa kuti utoto wanga uja unatuluka bwanji. Ndinati wotuwa, wongofiirira pang'ono. Anandiyang'ana pa galasi lapakhoma.

Kenako anati, "Iwe Harnek, manja akowa ananjenjemera chonchi chaka chatha, tsiku lija unaima pakati pomanga. Ndinadziwa kuti waona kanthu. Nanenso sindinafunse, ndinkaopa lumo. Tinabisa tonse awiri." Anakonza okha nsonga ya nduwira n'kunena kuti iwo ndiwanamize mmene ndingafunire, koma mlongo wanga ndimuuze mtundu weniweni.

Akuti tinabisa awiri, koma wodziwa tanthauzo la kadonthoko anali mmodzi. Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Mukafika mundikalipire mmene munkachitira tili ana, ndidzaima chilili. Chimene ndikupempha n'choti musadikire Vaisakhi. Bwerani mwezi uno, ndipo ngati n'kotheka mubwere ndi mwana wanu Simar, Bapuji amufunsa kawiri sabata ino.

Mundiperekere moni kwa alamu a Jaswant ndi apongozi anu. Mkazi wanga Amrit akupereka moni, nayenso ndamuuza dzulo lomweli. Waheguru akusungeni pa ulendo.

Kagalasi kaja n'kofiira, achemwali. Kofiira kwambiri.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Harnek