Wina Akukuwa, Wina Akuyimba

Lolemba, 4 Ogasiti

Mzime wanga wafika dzulo. Akuti watenga tchuthi kusitolo ya mafoni komwe amagwira ntchito, andithandize kudwazika abambo ake. Dzulo ndinathokoza Mulungu. Lero ndayamba kale kudandaula.

Wabwera ndi kawailesi kakuda, kakang'ono ngati njerwa, koma phokoso lake la chigayo. Muli chimbale chimodzi chokha, cha gulu la anzake ena. Ng'oma zothamanga, magitala okalipa. Kenaka mnyamata kukuwa. Osati kuyimba mokweza ayi, kukuwa kwenikweni, kochokera m'mimba. Ukati utseke makutu, kukubwera mtsikana wa mawu ozizira bwino, oti makwaya angamulimbirane. Usanapume n'komwe, wokuwa uja wabweranso.

Ndinafunsa kuti mwana wa eniyo akumupha ndani. Akuti, "Amayi, akungonena kuti watopa." Watopa ndi chiyani? Anasambitsapo munthu wamkulu iyeyo?

Amuna anga, mwezi wachinayi uno chidwalireni sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo, zii. Pakamwa panatsala liwu limodzi lokha: "Tiyeni." Zaka zonse zija ali kondakitala wa basi, mawu omveka mpaka kuseri kwa depoti, chatsala n'chimenecho. Mumwa tiyi? Tiyeni. Pakupweteka pati? Tiyeni. Tipite kuti, bambo inu?

Lachitatu, 6 Ogasiti

Manyazi lero. Mayi ena anabwera kudzayesa diresi la paukwati wa mwana wawo. Ine mapini kukamwa, ndagwada ndikupinda m'munsi, kuchipinda kwa odwala kwaphulika chimbale chija. Mayiwo kudumpha, pini n'kuwabaya m'katumba. Anandifunsa monong'ona ngati matenda a abambo afika kumutu. Ndinati ndi wailesi. Sanakhulupirire.

Masana kunabwera amayi akutchalitchi. Sopo, shuga, nyimbo ziwiri zofatsa. "Inu ndiye ndinu olimba mtima, sitinakumvenipo mukudandaula." Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa. Akanadziwa kuti m'mawa ndachapa zofunda kawiri uku ndikutukwana beseni!

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kuchipatala. Kukwera basi ndi munthu wa mwendo umodzi ndi nkhondo payokha. Dalaivala anawazindikira, n'kukana ndalama zathu. Iwo anayang'ana pawindo ulendo wonse.

Mayi wophunzitsa odwala kuyankhula anatulutsa zithunzi zake. Kapu. Supuni. Galu. Zonse dzina lake ndi "Tiyeni." Thukuta lili kamukamu pachipumi, maso ali pa ine ngati mawuwo ndawabisa ndine. Potuluka mayiyo anandikokera pakhonde. Akuti tisafooke, koma miyezi ikachuluka lilime limazolowera kukhala chete.

Ndaopa. Chikwatiraneni ndakhala ndikuwauza kuti achepetse pakamwa, lero ndikupempha liwu limodzi ngati wopemphetsa.

Kufika kunyumba, chiphokoso chija kutilandirira pakhomo.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndadzigwira ndekha. Phazi langa pamakina likupalasa motsatira ng'oma zija. Siketi ya yunifolomu yatha mwachangu, koma msoko wokhotakhota. Kumasula wonse, kuyambiranso.

Choipitsitsa, nyimbo yachinayi yandikanirira m'mutu, paja mtsikana amati "ndidakali pano, usatseke chitseko." Ndimapezeka ndikuing'ung'udza potsuka mbale. Ine, munthu wa sopulano kukwaya!

Mwana akuti ndiziona chala cha abambo ake, cha dzanja labwinolo, chimagogoda bedi nyimbo ikamalira. Ndati akugogoda kuti uzimitse. Iye akuti wokuwayo atapanda kukuwa, woyimbayo sangamveke kukoma. Ndiye kuti ndizitafuna tsabola kuti madzi azindikomera? Ana a masiku ano, sukulu tinawalipirira kuti azitiyankha.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Zavuta.

Tiyi kutayikira pabedi lomwe ndangoyala kumene. Mapiritsi kutha. A diresi aja kutumiza uthenga kuti apeza telala wina. Pamwamba pa zonsezo, mnyamata uja kukuwa. Ndinalowa, kutsomphola kawailesi, kukatsekera m'kabati ya nsalu, kiyi m'thumba la epuloni.

Ndinayankhula zambiri. Ndinati muno mukudwala munthu, si m'bala. Ndinati ngati akufuna maliro a abambo ake angonena. Limenelo ndiye linamulasa. Analongedza chikwama, kuwasisita abambo ake dzanja lakufalo. Ali pakhomo anangoti, "Inu simukuwa, Amayi, koma nyumba yonse imakumvani."

Kumbuyo kwake abambo ali, "Tiyeni. Tiyeni." Palibe anapita nawo kulikonse.

Mwano. Apite, tione ngati ndingafe.

Loweruka, 16 Ogasiti

Bata lomwe ndinkafuna lija. Wotchi ikumveka. Ntchentche ikumveka.

Iwo atembenukira kukhoma. Chakudya akungolawa. Kuyambira Lachinayi ngakhale "Tiyeni" uja kulibe. Ndawayimbira za kukwaya, atseka maso. Ndawaonetsa kapu, ndawaonetsa supuni, mpaka ndafika pomukalipira munthu wodwala. Mulungu andikhululukire.

Liwu lonyansa lija ndikulisowa, ndani akanadziwa.

Mwana, zii. Foni ndaigwira n'kuisiya, kuigwira n'kuisiya. Ndiyambe ndine? Wabereka mnzake ndani?

Lachitatu, 20 Ogasiti

Pakhosi pakuwawa, komabe ndilembe.

M'mawa ndikusita, ndinamva ngati njuchi yalowa kuchipinda. Kusuzumira, ndi iwo. Nkhope ili kukhoma, akung'ung'udza. Osati ya kukwaya ayi. Yachinayi ija. Chala chikugogoda bedi.

Kunena zoona ndinayamba ndakwiya. Zaka zonsezi ndikuyimba m'nyumba muno nyimbo zaulemu, iwo n'kukasankha ya chiphokoso! Komabe kiyi ndinatulutsa. Kutseka mawindo onse, anthu angatiseke. Kudina mabatani mwachisawawa mpaka ndinaipeza.

Mnyamata anakuwa zake. Kenaka mtsikana analowa, ndipo pansi pa mawu ake panali mawu ena, aakulu, osasa. "Ndidakali pano." Akondakitala anga. Mlomo wopotoka, koma mawu athunthu, omveka bwinobwino. Anali atatembenuka, maso ali pa ine. "Usatseke chitseko."

Ndinakhala pansi pasimenti. Ndinaibwereza nyimbo kuti nditsimikize, ndipo mnyamata uja atayamba "ndatopa" wake, sindikudziwa chomwe chinandilowa. Ndinakuwa naye limodzi. Kukuwa zofunda, beseni, diresi, masaya omwetulira, zonse. Mpaka kutsamwa, mpaka kutsokomola. Mwana wa eni uja ndamulakwira, ntchito yake ndi yowawa.

Nditadzutsa mutu, abambo akuseka ndi theka la nkhope, misozi ikutsikira m'khutu, akudikira pawo. Itafika mbali yawo analowa osaphonya. Tinaiyimba choncho kangapo, ine kukuwa, iwo kuyimba.

Aneba anagogoda atavala kale nkhope ya maliro. Ndinati ndi wailesi. Nawonso sanakhulupirire.

Kuyankhula kwenikweni sikunabwere. Ndawaonetsa kapu, ayi ndithu. Kaya mayi wa kuchipatala akati chiyani Lachisanu, ndikamunyamulira kawailesiko akadzimvere yekha.

Mwana ndamuyimbira mpaka foni kutentha, sakuyankha. Makaniwo anatengera ine. Koma kusitolo kwake ndikukudziwa. Ndi mawu osasa chonchi kaya ndikapepesa bwanji, mwina abambo ake akandiyimbira.

Ndawaveka jekete ndi nsapato, ndodo ili pambali, ali pampando akundidikira ndimalize kulembaku. Ndawafunsa ngati tipite tikamutenge mwana wathu.

"Tiyeni," atero.

Lero ndiye ayankha molondola. Ndisiyire pompa, basi ingatisiye.