Chingwe Chanu cha Mfundo

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene munapitako?

Kuno tilipo. Chilimwe chino n'chachinayi kuyambira pamene tinakuikani m'manda, ndipo mbumba yanu yawonjezeka ndi ana asanu. Womaliza ndi wa Malita, mwana wanga wachiwiri uja. Tamutcha dzina lanu, ndipo kalilidwe kake n'ka munthu wosafuna kudikira, ngati eni dzina. Mapira tinakolola madengu makumi awiri ndi atatu. Akadakwana makumi atatu, koma mvuu inatithandiza kukolola.

Tsono ndili ndi mlandu woti ndiulule kwa inu.

Dothi lanu la mchere lija, kuseri kwa migwalangwa, ndaganiza zolidzutsa. Miphika yadothi imasweka isanathe miyezi iwiri, ndipo mchere wosenza pamutu sufika patali. Ndinawerengera kuti pakufunika miphika itatu yachitsulo ndi bwato limodzi, loti Zuze, mwamuna wa Malita, azipalasa mpaka ku Chiromo. Zonse pamodzi mapaundi asanu ndi awiri. Ine ndinali ndi paundi imodzi ndi masheleni anayi, koma masheleniwo ndi a msonkho.

Ndinapita kwa Mmwenye wa sitolo amene ankagula mchere wanu uja. Ulendo woyamba anandipatsa mpando ndi tiyi, nati ndalama apereka, koma pa madengu anayi aliwonse a mchere atatu akhale ake, ndipo dothilo likhale chikole. Akuti Shire alibe mawu amodzi, chaka chilichonse angathe kumiza dothi ndi ndalama zake zomwe. Ndinamwa tiyi yense, n'kuthokoza, n'kunyamuka. Paja munkati wogula akakupatsa mpando usaiwale kuti miyendo ndi yako.

Ulendo wachiwiri ndinatenga chingwe chanu, chija munkamangapo mfundo imodzi chaka chilichonse, n'kuikapo mkanda wofiira chaka chimene madzi anafika pa dothi. Inu simunalowe m'sukulu ya mishoni ngati ine, koma buku lanulo n'loona kuposa anga. Ndinachiyala patebulo pake: mfundo makumi atatu ndi imodzi, mikanda isanu ndi umodzi. Anawerenga yekha kawiri, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Kenako anafunsa ngati sindinachotseko mikanda panjira. Ndinati ndikadafuna kunama ndikadasiyapo iwiri yokha. Anaseka mpaka kutsokomola, natsika kufika pa theka. Ine ndinati dengu limodzi pa atatu, kwa zaka zinayi, zikatha miphika ndi bwato zikhale zathu. Za dothi ndinamuuza kuti si langa ndekha. Ndi la mbumba yonse, pamodzi ndi khanda lija losayamba n'kukwawa komwe.

Ulendo wachitatu anavomera zonse, koma anati munthu sapereka mapaundi asanu ndi imodzi pa mawu okha. Ndinatchula mbuzi zanga zisanu ndi zinayi. Anakana, ati mbuzi zimafa. Apo analoza chingwe chili m'manja mwanga.

"Mayi, ndaona mmene mumachigwirira. Dothi mukhoza kulithawa, koma ichi mudzabwera kudzachitenga."

Amayi, ndinachipereka. Ndinamulembetsa papepala chiwerengero cha mfundo ndi cha mikanda, ndipo ndinaonerera akuchitsekera m'chitini kuti makoswe asachipeze. Pobwerera Zuze ankandiseka m'Chisena chake, ati apongozi agula bwato ndi ulusi. Ine sindinaseke. Dzanja linkangofufuza pansalu pamene ndinkamangirira chingwecho.

Miphika inafika Lachiwiri. Tatcheza dothi, taphika madzi ake, ndipo mchere woyamba watuluka madengu atatu, woyera, wosawawa. Limodzi, la Mmwenye, ndalipatula kale. Ndapota chingwe china ndi thonje la m'dimba mwanu, ndipo mfundo yoyamba ndidzamanga mvula ikayandikira. Zikadzakwana zinayi ndidzapita kukawombola chanu, ndidzalumikize ziwirizo, ndibwere pamanda panu ndidzakuwerengereni zonse makumi atatu ndi zisanu, imodziimodzi. Bondo likadzakana, Zuze adzandinyamula.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munamuphunzitsa kuwerenga asanaone cholembera,

Elesi