Mbewu ya Amayi Yamerera M'galimoto

Bundabunda, Chongwe
26 Novembala

Okondedwa akulu anga a Nelesi,

Muli bwanji ku Katete? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tikudzuka, koma ine mtima suli m'malo. Nkhaniyi pafoni yandikanika kunena, n'chifukwa chake ndapatsira kalata a Bwezani oyendetsa minibasi aja.

Mukuchikumbukira chigalimoto chakale chija choyenda m'matope, chimene bambo a Mwiza anagula kwa mlimi wina wa ku Kasisi? Amachikonda kuposa ine mkazi wawo, ndinene zoona. Chimakwera paliponse, koma mipira ya m'mawindo mwake inauma kalekale, ukaikhudza imangonyenyeka ngati chikondamoyo chogona. Ndinawauza mu Okutobala kuti aisinthe. Iwo anati galimoto yotere siiopa madontho, ndipo anamata ming'alu ndi sopo wochapira, pena n'kufinyiramo zidutswa za chubu cha njinga.

Sopo pamvula, akulu anga! Koma ndisawanene okha, wopusa wamkulu ndine. M'nyumba muno makoswe anatisowetsa mtendere. Ndiye ndinatenga gawo langa la mbewu ya chimanga cha makolo, ija amayi anasankha ndi manja awo n'kutigawira awirife asanamwalire, ndinakaitsekera kumbuyo kwa galimoto. Ndinkati m'chitsulo khoswe salowa. Khoswe sanalowedi.

Mvula inagwa masiku anayi otsatizana, galimoto itangoima pansi pa mtengo wa mango. Lachisanu nditatsegula chitseko, linandilandira fungo la chimera. Madzi ankatsetsereka pagalasi, n'kulowera kuseri kwa mpando mpaka kudikha pansi. Thumba lonse linali litatupa, mizu yoyera itabowola kale saka. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira.

A Tenson, amakanika a ku Chongwe, akuti mipira ya mtundu umenewu siipezekanso pafupi, mpaka akafunse ku Lusaka. Bambo a Mwiza aphimba galimoto yawo ndi tenti, ndipo masiku ano akuyenda monyang'ama pakhomo pano. Dzulo anati tingogula mbewu ya m'sitolo, chimanga n'chimanga basi. Ndinangochokapo, poopa pakamwa panga.

Njere zimene zinali zisanawole ndazibzala imodziimodzi, kuopa kuthyola mizu. Zakwana mizere isanu ndi umodzi yokha. M'mawa ndimapita kukaziona, masana ndimapitanso, ntchito zina zonse zaima. Mizere itatu yafota kale.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati yanu simunabzale yonse, ndipatulireniko ngakhale mbale imodzi. A Bwezani abwerera Loweruka, ndikawadikira pamsewu kuyambira m'mawa. Ndikudziwa munandiuza kuti ndiipachike pautsi m'khitchini monga ankachitira amayi, ine n'kuseka kuti zimenezo n'zakumudzi. Ndamva nkhwangwa ili m'mutu. Mudzandikalipire mmene mungafunire, koma tumizani kaye mbewu nthaka isanaume.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Peace ndi kwa ana onse. Amalume musawauze kaye za mbewu ya mlongo wawoyi.

Ngati mwabzala kale yonse, musandibisire pondimvera chisoni. Ndiuzeni, ndidziwe kuti chimene chanditsalira cha amayi kuno ndi mizere itatu.

Ndine mng'ono wanu wosamva,
Emelda