Wotchi ya Bambo Ikuchedwa

Lolemba, 3 Malichi

Eness wandinyoza. Mwana wobala ndekha, pamaso pa mwamuna wake. Akuti wotchi ya bambo anga ndiyo yatichedwetsa kuchipatala. "Adadi, ikakonzedwe, apo ayi muziyang'ana pafoni." Foni! Wotchi yam'thumba iyi bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Yasiliva, yopukusa ndi kakiyi. Mawu awo pondipatsa: "Chiigulireni sinaimepo. Isadzaime m'manja mwako." M'mawa uliwonse ndimaipukusa ndisanasukusule. Ikuchedwa, inde. Nanenso ndimachedwa. Ayambe akonza ine.

Lachinayi, 6 Malichi

Akamwini, a Overtone, lero sanapite kuntchito. Aiyang'ana wotchi n'kuseka: palembedwa Coventry. Tauni yomwe tikukhalayi, kuno ku Mangalande! Ine zilembo ndinaphunzira ndekha pa mabokosi a tiyi ku esiteti, ndinkayesa ndi dzina la mzungu. Kani wotchi yabwera kwawo, ine ndangoiperekeza.

Ndati tiyeni ku fakitale komwe inapangidwa. Fakitale kulibe, muli mafulati. Koma tapeza mkulu wina, Martin, amakonza mawotchi m'chipinda chapamwamba. Mazenera ataliatali, akuti akale ankadalira kuwala kwa dzuwa. Agogo ake aakazi ankapukuta tizitsulo kufakitaleko, tsiku lonse chiweramire. Belu likalira geti latsekedwa, wochedwa amudula malipiro. Ndipo iwo eni, opanga mawotchi, wotchi analibe! Ndaseka mpaka chifuwa. Tiyi wabwino, mabisiketi ouma.

Martin akuti poitsuka wotchi ayenera kuiimitsa. Ndaibweza m'thumba.

Loweruka, 8 Malichi

Eness wandisiyira foni patebulo. Ndaikapo kapu.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndabwerera kwa Martin ndekha, pa basi ya Foleshill Road. Kusochera pang'ono. Ndimangofuna tiyi, osati zina. Chizungu changa chothyokathyoka, chake chothamanga, koma tamvana.

Wapempha kungotsegula chivundikiro, wotchi ikuyenda. Chabwino. Wandipatsa kagalasi kapadiso. Mkatimo tizolemba tokanda, ngati mapazi a nyerere. Akuti wokonza aliyense akamaliza amakandamo chizindikiro chake. Zilimo zinayi, manja osiyana. Ziwiri zili ndi chaka, cha nthawi yomwe ine ndinali kale mnyamata woweta mbuzi.

Ndiye kuti inaimapo. M'manja mwa bambo momwe!

Bambo inu! Maulendo aja a ku Limbe okaona msuweni wodwala, pobwera wotchi ili ng'aning'ani. Msuweniyo sitinamuonepo ndi kamodzi komwe. Ndangoyamba kuseka, misozi mbwembwembwe. Martin naye kuseka, osadziwa chomwe tikuseka.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndavomera kuti ikonzedwe. Eness asamve kuti ananena zoona, angamere nyanga.

Koma wotchi sikagona kwa eni yokha. Kwathu wodwala sasiyidwa m'chipatala wopanda gadiyani. Martin akuti ntchito ndi ya Lolemba, tsiku lonse, ndipo mpando wa mlendo ulipo. Poima ndikhalepo. Podzuka, kiyi ndipukusa ndine. Chizindikiro chake akande chooneka, ine sindibisa ngati bambo.

Nanga ikakana kudzuka?

A Overtone akuti Lolemba ali ndi shifiti. Wodwala sapita pa basi. A Overtone, sinthanani ndi anzanu, Lolemba galimoto ikhale pakhomo. Ndipo jekete langa lakuda lija mundibwezere, ndikavale.