Tsiku Limene Atate Anawoloka Luangwa

Kwa Kakumbi,
26 Okotobala 1969

Wokondedwa mlongo wanga Gideon,

Choyamba ndifunse za moyo wako. Uli bwanji kumeneko ku Luanshya, pamodzi ndi mlamu wanga Gladys ndi ana? Chifuwa unkadandaula nacho chija chinaleka? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Bulangete unatumizira atate lija linafika, zikomo. Sanafundebe, pakuti dzuwa la chaka chino lanyanya, mpaka nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Ndikulemba lero Lamulungu titaweruka kutchalitchi, chifukwa masiku ena onse manja anga sapeza mpata wogwira pensulo. Zilembo zikakhota undikhululukire, Langford ali pamwendo.

Za pakhomo ndi zomwe zija. Chitsime chapafupi chinauma mu Ogasiti, tsopano madzi tikufukula mumchenga, ulendo wa ola lathunthu. Ndikatula ndowa ndithamangire kudimba anyani asanandiyambirire. Pobwera apo ndisinje, ndiphike, ndichape. Langford akumera mano, ndiye m'mimba mwake simukuuma. Fred anaponda phulusa lamoto, phazi likuchita kupola pang'onopang'ono. Agness wayamba giredi wanu ndipo tsiku lililonse amalira kuti kusukulu nkutali. Mwezi wathawu njovu inagwetsa nkhokwe ya mapira, ndinatola otsala ndi lichero.

Alamu ako a Meshack ntchito yawo ya ugadi wa nyama uyidziwa. Akalowa m'thengo amatha masabata awiri. Akabwera, masiku atatu kapena anayi, abwereranso.

Koma chimene ndakulembera ndi atate.

Thupi lawo lili bwino, akudya. Mutu ndiwo wathawa. Kuyambira pa Isitala sananditchulepo dzina langa. Amandiitana Anna, dzina la malemu amayi athu. Kukacha amanga kaphukusi, atenga ndodo ndi chipewa, amvekere akupita kwawo, akhalitsa kuchilendo kuno. Kwawo akunenako ndi kutsidya kwa Luangwa, kumudzi wathu wakale, kumene anatisamutsa pamene dziko lija linasanduka la nyama. Iwe sukukumbukira, unali wa chaka chimodzi. Ndinakuwolotsa ndine kumsana, ndili ndi zaka naini.

Tsiku limodzi ndimawabweza kanayi, kasanu. Ndimawanamiza kuti bwato silinafike, kapena kuti ayambe adya. Nthawi zina amandimvera, nthawi zina amandikalipira kuti ndine mkazi wamwano.

Palinso china chimene mwana wamkazi sayenera kuchitira atate ake. Masiku ano amadziipitsira. A Meshack akakhalapo amawasambitsa ndiwo. Akachoka, ndimayang'ana kumbali nkuchita ndekha. Pamenepa sindinena zambiri.

Tsopano tamvera, Gideon, ndipo uwerenge wekha kalatayi.

Lachinayi la pa 16 mwezi uno linali tsiku lateni a Meshack ali kuthengo. Langford thupi linali moto, ndinali naye kumsana ndikusinja. Atate ndinali nditawabweza kale katatu, ndipo kachitatuko anandimenya ndi ndodo pamkono. Cha m'ma leveni koloko ndinawaona akutuluka kuseri kwa nyumba ndi kaphukusi kawo, alunjika njira yakumtsinje.

Ndinawaona ndi maso angawa. Sindinawaitane.

Anthu onse ndinawauza kuti ndinali kumadzi. Ngakhale a Meshack akudziwa choncho. Koma ndinali pamtondo, munsi uli m'manja. Ndinayang'ana chipewa chawo chikuzimirira m'mitengo, kenaka ndinapitiriza kusinja. Ndinatsiriza, ndinapeta, ndinayanika. Ndinakhala pansi nkumwa madzi osathamanga. Pakhomo panali zii, popanda wondiitana. Ndikuuze zoona, mtima wanga unapepuka. Sindinaganize kuti afe, ayi. Sindinaganize chilichonse. Ndinangofuna kuti kanthawi kameneko kasathe.

Panapita maola awiri kapena kuposa. Chimene chinandidzidzimutsa ndi kapu yawo. Ndinaidzaza madzi monga mwa masiku onse, ndinafika nayo pakhonde, ndinapeza mphasa yokha. Mwana ndinamutula kwa a neba athu amake Susan, nkuyamba liwiro.

Kuwatsata sikunavute, pakuti ndodo yawo inkasiya timaenje mumchenga. Timaenje tija tinandifikitsa pamtsinje, ndipo tinaonekeranso kutsidya. Madzi aphwa kwambiri, pamalo paja amalekeza m'maondo. Koma chakumtunda pang'ono pali dziwe lodzaza mvuu, ndipo pamchenga panali ng'ona ziwiri zikuwothera. Ndinaima. Ndinakumbukira kuti ndine mkazi wa gadi, kuti aliyense wopezeka kutsidya kuja wopanda chilolezo amamangidwa, ndipo womangayo ndi mwamuna wanga. Ndinapinda chitenje nkulowa m'madzi.

Gideon, zaka sate ndinali ndisanapondeko. Njira kulibe. Minda ija yonse ndi tchire. Ndinadutsa ndowe za njovu zikadali zofunda, akashembe akundiluma pakhosi ndi m'miyendo. Ndinkaopa kufuula. Ndinangotsata ndodo ija, ndikupemphera kuti ndisapeze chipewa chokha.

Kenaka ndinaona mtengo wa bwemba, ndipo ndinauzindikira. Unali pabwalo pathu.

Atate anali chapatali pang'ono ndi mtengowo, atagwada, akuzula udzu wouma ndi manja. Kumunsi kwake, kudambo, kunagona gulu la njati, sindinathe kuziwerenga. Ndinafika nkuwagwira paphewa.

Anatembenuka nati, "Ennie, mwana wanga, wabwera wekha? Khala pansi, waswera bwanji?"

Ndinawalozera njati zija. Iwo anatola dothi nkuliwaza m'mwamba, nanena kuti mphepo ikuchokera kwa izo, sizitimva, ndipo dzuwa likadali chonchi sizidzuka. Ankalankhula ngati atate aja tinkawadziwa.

Anandionetsa pamene panali nyumba yathu. Mphero ya amayi ikadalipo, yosweka pakati. Kenaka anandibwezera pamene ankazula udzu paja, nati apa ndi pamene agona amayi ako. Palibe mtumbira, palibe chizindikiro, nyama zinapondaponda. Koma iwo anawerenga mapazi kuchokera pa bwemba ndipo sanakayike. Anati tsiku losamuka analonjeza kuti adzabwera kudzalambula mvula yoyamba ikagwa, koma mvula yagwa kambirimbiri iwo osabwera.

Anandiuzanso zimene sanatiuzepo. Tsiku unabadwa iwe, amayi anakunyamula kamodzi. Akuti anakuyang'ana nkuseka, nanena kuti mwanayu watenga makutu a amalume ake. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Koma asanatsirizike anawagwira atate dzanja nkuwapempha kuti Ennie asamamusenzetse zolemera, akadali wamng'ono.

Atanena zimenezi anandiyang'ana. Anati, "Ndipo ine maliro asanathe ndinakuika khanda kumsana. Sunatulepo mpaka lero. Ndinalakwa, mwana wanga."

Ndinalira, Gideon. Ndinalira ngati si mayi wa ana. Ndinafuna kuwauza kuti ndinawaona akuchoka, koma mawu anakana. Iwo anamasula kaphukusi kaja. Munali malaya awo a kutchalitchi ndi supuni basi. Anayala malayawo pamthunzi nandiuza kuti ndigoneko pang'ono, maso anga afiira.

Ukhoza kundiseka, koma ndinagona. Masana, m'dziko la nyama, njati zili apo, mwana wanga wodwala ali kutsidya. Ndinagona tulo timene sindinagonepo chibadwire Langford. Chinandidzutsa ndi mawere, anali atadzaza mpaka kupweteka. Nditatsegula maso ndinapeza atate atakhala kumutu kwanga ndi kanthambi, akundiingitsira akashembe.

Dzuwa linali litapendeka ndipo njati zinali zitayamba kudzuka. Ndinati tiyeni. Anaimirira nkugwa. Apo mpamene ndinaona mapazi awo. Anachoka opanda nsapato, mchenga wotentha unawawaula, matuza anali ataphulika. Ndinawabereka ndi chitenje. Sakulemera, mlongo wanga. Munthu uja ankanyamula thumba la mapira ndi dzanja limodzi, lero akupepuka ngati Fred.

Tisanafike pamtsinje ndinamva mawu akutilamula kuti tiime. M'tchire munatuluka amuna anayi ndi mfuti. Anali ataona mapazi athu pamchenga nkuganiza kuti ndi opha nyama. Wachitatu pamzerewo anali a Meshack.

Sindidzaiwala nkhope yawo. Anapatsira mnzawo mfuti, anamasula chitenje chija, nkuwabereka atate okha. Sajeni wawo anandifunsa dzina ngati sandidziwa, chonsecho amadya pakhomo pathu. Anati sangachitire mwina, nkhaniyi ayenera kuilemba. Ndinayankha kuti alembe. Tikuwoloka, atate anayamba kufunsa kuti amuna awa ndani, ndipo akuwatengera kuti. Pofika kutsidya lino anali akundiitananso Anna.

Lolemba a Meshack anaitanidwa ku ofesi. Ntchito sanawachotse, tithokoze Mulungu. Koma awauza kuti mu Disembala asamukira kukampu ina yakutali kumpoto, kumene kulibe chipatala ndipo mvula ikayamba galimoto sifika. Kaya ndi chifukwa cha nkhaniyi, kaya zinakonzedwa kale, sanawauze. Iwo akuti zinakonzedwa kale, koma ndikuona kuti akungonditonthoza. Tikapita nawo, atate sangakhale kumeneko. Tikatsala, ndiye kuti ndatsala ndekha mpaka mvula ithe.

Madzulo a tsiku lomwelo a Meshack anandipepesa kuti amandisiyira katundu wambiri. Anati si mlandu wanga, munthu sangakhale kumadzi ndi pakhomo nthawi imodzi. Ndinangowerama. Amayi a kutchalitchi nawo akunditama kuti ndine wolimba mtima, ndinawoloka pakati pa ng'ona chifukwa cha atate anga. Akamatero ndimasowa poyang'ana.

Mapazi aja ndikuwatsuka ndi madzi amchere, akupola. Masiku oyamba sankatha kuponda, ndipo ndinapumako. Dzulo anaimirira. Lero m'mawa ndawapeza akumanga kaphukusi.

Ndiye ndikupempha, Gideon. Sindinakupemphepo kanthu chikulire chako, ndipo sindikupempha katundu. Pempha tchuthi ubwere mvula isanatseke msewu wa ku Chipata. Ubwere ndi Gladys ngati angathe, tikhale pansi ndi a Meshack tione chochita. Ngati nkuwatenga akakhale nanu miyezi ingapo, tikambirane. Ndikudziwa kuti nyumba ya kukomboni ndi yaing'ono, ndiponso kuti munthu wokalamba wa kuno ku Malambo tauni ingamusokoneze koposa. Mwina pali nzeru ina imene ine sindikuiona chifukwa cha kutopa. Koma ndiwe mwana wawo wamwamuna, ndipo pali ntchito zina pa thupi lawo zimene ziyenera manja ako.

Mwina sadzakuzindikira. Ubwerebe. Ine anandizindikira masana amodzi okha, ndipo sindingasinthanitse masana amenewo ndi chinthu china chilichonse.

Chimene ndikuopa kwambiri si ng'ona kapena njati. Mvula ikagwa mtsinje udzadzaza, iwo sadzadziwa kusiyana kwake. Ndipo ine ndadziona chimene ndingachite ndikatopa. Tsiku lija ndinadzidzimuka patapita maola awiri. Sindikudziwa kuti tsiku lina ndidzadzidzimuka nthawi yanji. Usandisiye ndifike pamenepo.

Za pamtondo zija usamuuze Gladys. A Meshack ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu, kapena iwe ukadzakhala pambali panga.

Kalatayi ndipatsira dalaivala wa lole yopita ku Chipata mawa kuti akaiponye. Uyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri yonena tsiku.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Gladys, kwa Edmund ndi kwa Alice wamng'onoyo amene sindinamuonebe. Fred ndi Agness akuti moni kwa amalume. A Meshack anati ndikakulembera ndisaiwale moni wawo. Mulungu akusunge pansi pa mgodi apo, akutulutse wamoyo tsiku ndi tsiku, ndipo akutsegulire njira yobwerera kuno.

Ndilekeze pano, ndamva ndodo ikugogoda pakhonde.

Ndine mlongo wako,
Ennie